Kodi Wokhala pa Benchi Wataya Chaka?

 Lero ndabwera ndi nkhani ya mpira wa basketball umene ana athu aakazi amasewera m'makoleji ndi ku yunivesite. Musafulumire kutembenuza tsamba n'kunena kuti za mpira n'za ana. M'kati mwa nkhaniyi muli funso lotikhudza tonse, ngakhale ife amene sitinagwirepo mpira chibadwire: kodi munthu amene wavutika chaka chonse, anthu osamuona ndiponso iye osalandira kanthu, ntchito yake ili ndi phindu?

Tiyerekeze kuti ndinu mayi wa ku Chawama. Mwana wanu wamkazi anakhoza bwino Grade 12, anapeza malo pa koleji ina muno mu Lusaka, ndipo kumeneko analowa timu ya basketball. Kwa miyezi yambiri wakhala akufika kunyumba mochedwa, ali wotopa, ndipo Loweruka simumuona pakhomo. Tsopano ligi yatha. Madzulo ena muli pa mbaula mukuvundula nsima, mwamufunsa kuti, "Nanga chikho chija chili kuti?" Iye akuti, "Amama, sitinatenge." Mwafunsanso, "Nanga iweyo unagoletsa kangati?" Mwana wayang'ana pansi. "Masewero ambiri ndinali pa benchi, amama. Ndimalowa mphindi zochepa chabe."

Pamenepo mtima wanu wayamba kuwerengera za basi, za nsapato, za sopo wochapira yunifolomu, ndipo mawu afika kale pakamwa: "Ndiye kuti wataya chaka, mwana wanga." Ndikupemphani kuti mawu amenewo muyambe mwawasunga, tione limodzi ngati ali oona.

Mpirawu umayenda bwanji?

Ambiri a ife tinakulira netball, ndipo masewero awiriwa ndi pachibale, pakuti netball inachokera ku basketball. Anayambitsa basketball ndi James Naismith, mphunzitsi wochokera ku Canada, mu 1891 mumzinda wa Springfield ku America. Iye anakhomera madengu awiri m'mwamba kuti anyamata aziponyamo mpira nthawi yozizira, pamene sakanatha kusewera panja. Chaka chotsatira mphunzitsi wina wamkazi, Senda Berenson, anayamba kuphunzitsa mpirawu atsikana a pa Smith College. Mu 1896 atsikana a mayunivesite awiri, Stanford ndi California, anapikisana koyamba, ndipo amuna sanaloledwe kukaonerera. Choncho nkhani ya atsikana a pa koleji ndi mpira umenewu si ya dzulo ayi, ndipo nkhawa za akuluakulu pa iwo nazonso si za dzulo.

Kuno kwathu, University of Zambia, imene ili pa msewu wa Great East moyandikana ndi Kalingalinga, ili ndi timu ya akazi yotchedwa UNZA Honeys ndi ya amuna yotchedwa UNZA Pacers. Anzathu a ku Matero amalidziwa dzina la Matero Magic. Kuyambira 2010 tilinso ndi Olympic Youth Development Centre pa msewu wa Great North, kumene ana a m'makomboni amaphunzirako masewero osiyanasiyana, kuphatikizapo basketball.

Malamulo ofunika pa nkhani yathu ndi awa. Timu imalembetsa osewera 12 pa masewero amodzi, koma m'bwalo mumalowa 5 okha. Otsala 7 amakhala pa benchi m'mbali mwa bwalo. Masewero amatenga mphindi 40, zogawidwa m'zigawo zinayi za mphindi 10. Timu ikagwira mpira ili ndi masekondi 24 okha kuti iponye. Palibe zoti uyu malo ake ndi apa monga mu netball. Onse asanu amathamanga kupita ndi kubwerera m'bwalo lotalika mamita 28. Wosewera akachita zolakwa zisanu amatulutsidwa ndipo sabwereranso tsiku limenelo. Kochi angathe kusintha osewera kangati konse monga afunira. Ndiye taonani: pa nthawi iliyonse okhala pansi ndi ochuluka kuposa oimirira. Funso la benchi si la mwana wanu yekha, n'la ana ambiri m'timu iliyonse.

Mayi sanalakwe kuwerengera

Tisanapite patali ndinene kuti mayi wowerengera uja si wouma mtima. Iye ndiye amadziwa kumene ndalama imachokera. Amalawirira mbandakucha ku Soweto Market kukaoda tomato ndi repu, n'kukhala pa kantemba mpaka dzuwa kulowa. Mwana wochokera ku Chawama kapena ku Kanyama amakwera basi ziwiri kuti akafike ku bwalo, ina yofika m'tauni, ina yopitirira. Nsapato za mpirawu, ngakhale za pa salaula, si zotchipa. Dzinja likafika madzi amadzaza njira za m'komboni, ndipo mwana wamkazi akamabwera usiku magetsi atazima, mtima wa mayi umakhala m'mwamba. Nthawi imene iye ali ku bwalo, wotunga madzi ndi wosamala ang'ono ake amakhala wina. Palinso ngozi ya bondo ndi akakolo, zimene zimavulala kawirikawiri mu mpira wolumphalumphawu. Choposa zonse, mwanayo tinamutumiza ku koleji kukatenga pepala, osati chikho.

Komanso masiku ano tazolowera kuyeza masewero ndi ndalama. Mu 2024 Racheal Kundananji anagulidwa ndi timu ya Bay FC ya ku America pa mtengo umene panthawiyo unaposa wa wosewera mpira wamkazi aliyense pa dziko lapansi, ndipo Barbra Banda analowa Orlando Pride n'kutenga nayo chikho chaka chomwecho. Tonse tinanyadira, ndipo kunali koyenera kutero. Koma chimene chinatsala m'mitu mwa ena a ife n'chakuti mwana wosewera ayenera kufika pa Barbra, apo ayi alekeretu. Tikatenga muyeso umenewu, wa pa benchi walephera kale tisanamumve n'komwe. Funso n'lakuti, kodi muyesowo ndi wolungama?

Asanu sapambana okha

Choyamba tione zimene diso la woonerera siliona. Masewero a Loweruka ndi mphindi 40, koma kukonzekera kwake n'kwa sabata yonse. Asanu otchuka aja sangakonzekere okha, pakuti afunika anthu asanu ena oti aziwatsekereza, kuwalanda mpira ndi kuwathamangitsa monga adzachitire adani awo. Ntchito imeneyi amaigwira ndi a pa benchi. Iwo akamasewera mwaulesi pokonzekera, asanu aja amalowa m'bwalo ali obuntha. Mpeni ukadula bwino nyama timayamika mpeni, koma mwala wonolera palibe amautchula.

Chachiwiri, palibe munthu amene angathamange mphindi 40 sabata ndi sabata kwa miyezi yambiri osatopa, osadwala, osavulala. Ndikupatseni chitsanzo cha ku America, kumene mpira wa atsikana a m'makoleji uli ndi otsatira ambiri. M'nyengo ya 2023 mpaka 2024 timu ya University of South Carolina, yophunzitsidwa ndi mayi Dawn Staley, inasewera masewero 38 n'kupambana onse 38. Chodabwitsa n'chakuti asanu onse amene ankayamba masewero chaka cham'mbuyo anali atachoka, ndipo ambiri mwa amene anatenga malo awo anali ana a pa benchi. Pa masewero otsiriza, pa 7 April 2024 mumzinda wa Cleveland, anakumana ndi University of Iowa, imene inali ndi Caitlin Clark, mtsikana amene anagoletsa mapointi 3,951 pa zaka zake zinayi za ku koleji. Anthu oposa 18 miliyoni anaonerera pa TV. Iowa inayamba ndi moto n'kutsogola 10 kwa 0, ndipo Clark yekha anagoletsa mapointi 30 tsiku limenelo. Koma pomaliza South Carolina inapambana 87 kwa 75. Kusiyana kunali pati? A pa benchi a South Carolina atalowa anagoletsa mapointi 37, pamene a pa benchi a Iowa sanagoletse ngakhale imodzi. Wogoletsa kwambiri m'timu yopambanayo anali Tessa Johnson, mwana wa chaka choyamba amene anayamba masewerowo atakhala pansi, ndipo anagoletsa 19. Akuluakulu ananena kale kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Ngati America ili kutali, kumbukirani za ana athu a Copper Queens pa World Cup ya 2023 ku New Zealand. Goloyi woyamba, Hazel Nali, anavulala bondo mpikisano usanayambe. Wachiwiri, Catherine Musonda, anapatsidwa kadi yofiira kumapeto kwa masewero oyamba ndi Japan. Mwadzidzidzi Eunice Sakala, amene palibe ankaganiza kuti angasewere, anadzuka pa benchi n'kuima pa golo, ndipo masewero otsatira ndi Spain, timu imene inadzatenga chikhocho, anaimapo ndi iye. Tinaluza 5 kwa 0, inde. Koma tangoganizani chikanachitika n'chiyani mwanayo akanakhala kuti anagwa ulesi kalekale n'kunena kuti, "Ine ndine wachitatu, ndivutikiranji?"

Nanga ngati tsikulo silinafike?

Mwina wina anena kuti, "Mwatisankhira nkhani za ana amene tsiku lawo linafika. Nanga wanga amene chaka chatha kochi osamuyang'ana?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndiye mtima wa nkhani yathu. Tikanena kuti wa pa benchi ali ndi phindu chifukwa chakuti tsiku lina adzawala, ndiye kuti tikuyezabe ndi muyeso wakale uja, tangousunthira kutsogolo. Zoona zake n'zakuti ana ambiri adzamaliza koleji dzina lawo lisanalembedwepo m'nyuzipepala.

Ganizirani za mlonda amene wachezera usiku wonse pa geti, wakuba osabwera. Kodi m'mawa tinene kuti wataya usiku? Ayi, pakuti ntchito yake inali kukhala maso, ndipo waigwira. Ganizirani za namwino wa usiku ku chipinda cha amayi oyembekezera, amene wakonza zonse koma usikuwo palibe anachira. Iyenso ntchito yake waigwira. Kukhala wokonzeka ndi ntchito payokha, kaya munthu waitanidwa kaya sanaitanidwe. Mwana amene wafika pa nthawi yake tsiku lililonse, wathamanga mofanana ndi anzake, wavala yunifolomu n'kukhala tcheru mphindi zonse 40, wakwaniritsa chimene analonjeza timu yake. Chikho chimadalira zinthu zambiri zimene iye alibe nazo mphamvu: msinkhu wake, luso la adani, maganizo a kochi. Koma kusunga lonjezo kunali m'manja mwake, ndipo si chilungamo kuweruza munthu pa zimene sizinali m'manja mwake n'kuiwala zimene zinali m'manja mwake.

Palinso zimene benchi imaphunzitsa zimene m'kalasi mulibe. Choyamba ndi kulandira chidzudzulo. Kochi amauza mwana pamaso pa anzake kuti dzanja lake lamanzere n'lofooka, ndipo mwanayo ayenera kubweranso mawa kudzalikonza, osati kufufuma n'kusiya. Ndi angati a ife akuluakulu amene tingadzudzulidwe pagulu n'kubweranso sabata yamawa ndi nkhope yowala?

Chachiwiri ndi kulimbana ndi nsanje. Amayi anzanga, apa ndiye pali mayeso aakulu. Mtsikana amene ali m'bwalo watenga malo amene mwana wanu amawalakalaka. Iye akagoletsa, timu imapindula, koma mwayi wa mwana wanu wolowa umachepa. Iye akalakwitsa, timu imavutika, koma khomo la mwana wanu limatseguka. Ndiye mtima uzifuna chiti? Mwana amene waphunzira kuimirira n'kuombera m'manja mnzake wotere, kumupatsa madzi ndi kumunong'oneza chimene waona pa adani, wagonjetsa chinthu chimene chapasula mabanja, mabizinesi ndi magulu ambiri a amayi. Tonse tikudziwa anthu amene amagwira ntchito mwakhama akakhala pa mpando, koma chisankho chikawadutsa sitiwaonanso.

Chachitatu ndi kuluza moona mtima. Manambala a pa bolodi sanama ndipo sakondera. Wenzulo yomaliza ikalira, oluza amafola kukagwirana chanza ndi amene awagonjetsa, misozi ili m'maso. Mwana amene wachita zimenezi kangapo sadzaganiza kuti moyo watha tsiku limene adzalephere mayeso, kukanidwa ntchito kapena kugwa pa bizinesi. Waphunzira kuti munthu amalira Loweruka n'kudzukanso Lolemba.

Ndipo zimenezi si zachilendo kwa ife. Pa maliro anthu amakumbukira amene analankhula kumanda, koma amene anachezera kuseri kwa nyumba ndi mapoto, utsi uli m'maso, mayina awo satchulidwa. Pa ukwati amajambula a kutsogolo, osati otsuka mbale. Ambiri a ife takhala pa benchi yotere zaka zambiri, ndipo tikudziwa kuwawa kwake munthu akatifunsa kuti, "Kodi inu munachitapo chiyani?" Tisafunse ana athu funso limene ifeyo limatipweteka.

Kupirira si kugonjera choipa

Komabe ndingakhale ndikukunamizani nditanena kuti benchi iliyonse ndi sukulu yabwino. Ife amayi tauzidwa kawirikawiri kuti tipirire, ngakhale pa zinthu zosayenera kupirira, ndipo sindikufuna kuti nkhani ino ikhale ndodo ina yotsekera ana athu pakamwa. Pali nthawi zitatu pamene mayi ayenera kulowererapo.

Yoyamba ndi pamene malo m'timu akugulidwa ndi thupi. Kulikonse kumene munthu mmodzi ali ndi mphamvu yosankha amene alowe ndi amene akhale pansi, pamakhala chiyeso chogwiritsa ntchito mphamvuyo molakwika. Makochi ambiri ndi anthu aulemu odzipereka, koma ngati wina auza mwana wanu kuti adzalowa m'bwalo akayamba wakumana naye kumbali, imeneyo si nkhani ya mpira, ndi nkhanza. Mwana adziwe kuti angakuuzeni osaopa kuti mumukalipira kapena kumuimba mlandu. Inu mumukhulupirire, ndipo nkhaniyo ifike kwa akuluakulu a koleji ndi ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Muzitero ngakhale wovutikayo ali mwana wa mnzanu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Yachiwiri ndi pamene maphunziro ayamba kutsika. Wosewera wa pa koleji ndi wophunzira poyamba. Pemphani kuona zotsatira za mayeso. Ngati zili bwino, musanamizire mpira mlandu umene ulibe. Ngati zatsika, khalani naye pansi mugwirizane chochepetsa. Lamuloli likhale limodzi kwa wa pa benchi ndi kwa wogoletsa kwambiri, chifukwa bondo limatha koma pepala limakhala.

Yachitatu ndi pamene mwanayo mwini wake chimwemwe chamuthera, kapena akusewera ndi chovulala chifukwa choopa kutaya malo. Kusiya pakati pa ligi chifukwa chokwiya ndi chinthu china. Kumaliza chaka, kutsanzika mwaulemu n'kukayesa china ndi chinthu chinanso. Munthu wosunga lonjezo ali ndi ufulu wosalonjezanso.

Ngati zitatuzi palibe, ndipo ndalama ya basi ikupezeka osagona ndi njala, yankho langa pa funso la pamutu ndi lakuti ayi, wokhala pa benchi sanataye chaka.

Tisinthe mafunso

Tibwerere tsopano pa mbaula paja. Mwana wayang'ana pansi, akudikira chigamulo chanu. Chimene munene adzachisunga nthawi yaitali kuposa manambala a masewero alionse. Mukanena kuti wataya chaka, mwamuphunzitsa kuti ntchito yosaoneka ilibe mtengo, ndipo tsiku lina adzayang'ana ntchito yanu ya pakhomo ndi diso lomwelo.

Yesani mafunso ena. Mufunseni kuti ndi chiyani chimene akutha tsopano chimene sankatha ligi isanayambe. Mufunseni kuti tsiku lovuta kwambiri linali liti, ndipo anamulimbitsa mtima ndani. Mufunseni ngati iye analimbitsapo mtima wina. Mufunseni za mtsikana amene amasewera pa malo ake, ndipo mumvetsere bwino mmene akumutchulira, pakuti pamenepo mudzadziwa chimene chakula mumtima mwake. Mufunseninso ngati akuchitiridwa ulemu.

Ndipo ligi ikadzayambanso, patulani Loweruka limodzi. Siyirani mnzanu kantemba, mangani chitenje, tengani mayi wina mukwere basi mukaonerere. Malamulo simudzawamva onse tsiku loyamba, ndipo palibe kanthu. Anthu onse maso awo adzakhala pa mpira, koma inu nthawi ndi nthawi muziyang'ana m'mbali mwa bwalo, pamene pakhala ana asanu ndi awiri aja. Muone amene akuimirira mnzake akagoletsa, amene akuthamangira ndi botolo la madzi, amene akukumbatira wotulutsidwa. Masewero akatha, kaya walowa kaya sanalowe, mupite mukamuuze mwana wanu kuti, "Ndakuona."

Mukambirane nkhaniyi m'magulu anu, ndipo ana aakazi ali pakhomo muwawerengereko.